Funsani Azakhali: Pakhomo tilipo ambiri, nanga mwana wanga akudzichekeranji?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Dzivarasekwa mu Harare, ku Zimbabwe. Makolo anga anachokera ku Dedza, koma ine ndinabadwira kuno, ndipo ana anga ku Malawi sanapondeko. Mwana wanga wachisamba ndi mtsikana wa zaka 14 ndipo ali mu Fomu 2. Kuyambira teremu yatha wakhala akuvala juzi tsiku lililonse, ngakhale m'mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Sabata yatha ndikuchapa ndinaona magazi pa mkono wa malaya ake a yunifolomu, ndipo nditamukakamiza kuti avule juzi ndinapeza mabala odzicheka, ena ouma kale, ena aposachedwa. Ndinamukalipira, ndinamumenyanso mbama, chifukwa mantha anandigwira.

Atalira nthawi yaitali anandiuza kuti atsikana anayi a m'kalasi mwake akhala akumuvutitsa kuyambira ali mu Fomu 1. Amamutcha mubwidi, dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi, amatsanzira kalankhulidwe ka agogo ake amene tsiku lina anapita kusukulu kukamusiyira chakudya, ndipo posachedwapa anatenga chithunzi chake n'kuikapo mutu wa chilombo cha gule, n'kuchitumiza pa gulu la WhatsApp la kalasi yonse. Akuti chaka chatha anandiuzapo ndipo ndinamuyankha kuti angowasiya adzatopa okha. N'zoona ndinatero, chifukwa nanenso ndinakula ndikutukwanidwa choncho ndipo ndinapirira.

Chimene sindikumvetsa n'chakuti mwanayu sali yekha. Pakhomo pathu tilipo anthu 9, timapemphera limodzi, sagona ndi njala, ndipo fizi timalipira. Bambo ake akuti n'kupusa kongofuna kuti anthu amuone, pomwe agogo akewo, amene ndi apongozi anga, akuti pali dzanja la munthu. Kodi mwana wokhala pakati pa abale ochuluka chonchi angafike bwanji podzivulaza? Kodi akufuna kudzipha? Ndimusamutse sukulu?

Mayi wothedwa nzeru, Dzivarasekwa

Mayi,

Ndiyamba ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa ndi limene silingadikire mawa. Ana ambiri amene amadzicheka sachita zimenezi pofuna kufa. Amakhala ndi ululu wa mumtima umene alibe nawo mawu ndiponso sangathe kuuletsa, ndiye amausandutsa ululu wa pathupi umene angathe kuuona ndi kuuyambitsa kapena kuusiya okha. Mtima umakhala pansi kwa kanthawi kochepa, kenako manyazi amabwera n'kuwonjezera katundu pa katundu wakale, ndipo n'chifukwa chake amabwerezanso. Komabe sindingakunamizeni kuti palibe choopsa, pakuti achipatala amadziwa kuti wachinyamata amene anadzivulazapo ali pa chiopsezo chachikulu chodzayesa kudzipha poyerekeza ndi amene sanachitepo. Njira yodziwira pamene mwana wanu wafika ndi kumufunsa. Khalani naye muli awiri, mosakweza mawu, ndipo mumufunse mosapita m'mbali kuti, “Kodi unayamba waganizapo zodzipha?” Makolo ambiri amaopa kuti funso limeneli limabzala maganizo oipa mumtima wa mwana, koma akatswiri amene anafufuza nkhaniyi anapeza kuti kufunsa sikuwonjezera maganizo otero, ndipo ana ambiri amapepukidwa akaona kuti munthu wamkulu walimba mtima kutchula chinthu chimene iwo akhala akuchiopa okha.

Akayankha kuti inde, makamaka ngati waganiza kale za njira kapena tsiku, musamusiye yekha, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chipatala cha Parirenyatwa ndi cha Sally Mugabe, chimene ambirife timachitchulabe kuti Gomo, zonse zili ndi mbali yothandiza ovutika maganizo. Ngakhale atayankha kuti ayi, pitani naye ku kiliniki ya khonsolo sabata ino kuti anamwino akaone mabalawo ndi kukulozerani kwa aphungu, ndipo lero lomwe tsekerani mankhwala a makoswe, mankhwala a m'dimba ndi mapiritsi onse a odwala pakhomopo. Maganizo oopsa mwa achinyamata kawirikawiri amabwera ngati kamvuluvulu n'kudutsa, ndipo mwana amene sanapeze chinthu choopsa pafupi pa ola loipalo amadzuka wamoyo mawa lake.

Tsopano tibwere ku anthu 9 aja, chifukwa pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Mwawerenga anthu ogona m'nyumba mwanu, koma mwana wanu amawerenga mosiyana ndi inu. Iye amadzifunsa kuti, mwa anthu onsewa, ndani amene ndingamuuze zimene zandichitikira lero n'kundikhulupirira, osandiseka, osandikalipira, osakaulutsa kwa ena? Ofufuza za maganizo a achinyamata akhala akupeza kuti chimene chimateteza mwana wovutitsidwa si kuchuluka kwa abale omuzungulira ayi, koma chikhulupiriro chimene mwanayo ali nacho chakuti alipo munthu amene angamumvere ndi kuchitapo kanthu. Nsima, fizi ndi pemphero la madzulo ndi chisamaliro chenicheni ndipo sindikuchipeputsa, makamaka mu Harare wa masiku ano momwe dola iliyonse imabwera ndi thukuta. Koma mwana wanu anagogoda kamodzi chaka chatha, ndipo yankho limene analandira, ngakhale munalipereka mwachikondi, iye analimva kuti nkhani imeneyi pakhomo pano siikambidwa. Kuyambira tsiku limenelo wakhala akudya nanu mbale imodzi ali yekhayekha.

Sindikukuweruzani, chifukwa munamupatsa chimene nanunso munapatsidwa. Makolo athu anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu, ambiri m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland pakati pa 1953 ndi 1963, ena kale kuposa pamenepo, ndipo anaphunzira kuti mlendo amapulumuka pokhala chete. Anatchedwa mabwidi, mabhurandaya, anthu opanda mtundu. Ambiri a ife tinakula ndi ziphaso zolembedwa kuti ndife alendo m'dziko limene tinabadwiramo, lamulo la unzika la 2001 linachotsera ambiri ufulu wovota, ndipo zinthu zinayamba kuwongoka ndi malamulo aakulu a dziko a 2013, amene anavomereza kuti wobadwira kuno kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika. M'nyengo yonseyo mawu akuti “pirira” anali chishango, ndipo m'mabanja ambiri ana ankauzidwa kuti Chichewa chizithera pakhomo. Koma taonani kusiyana kwa inu ndi mwana wanu. Inu mukatukwanidwa kusukulu munkabwerera ku komboni kumene aliyense ankalankhula ngati mayi anu, ndipo chipongwe chinkatsala pa geti la sukulu. Iye akunyozedwa chifukwa cha mudzi umene sanauonepo, m'chilankhulo chimene ndi chake kuyambira ali khanda, ndipo chipongwecho chimamutsatira pa foni mpaka pa mphasa usiku, anzake makumi angapo akuonerera.

Mawu akuti adzatopa okha amagwira ntchito pa kuseleulana kwa ana ofanana mphamvu, kumene lero waseka uyu, mawa waseka uyo. Zimene mwalongosolazi ndi zina. Dan Olweus, katswiri amene anatsogolera ntchito yolimbana ndi khalidweli m'sukulu za ku Norway kuyambira 1983, dzikolo litagwedezeka ndi imfa za anyamata atatu amene anadzipha mu 1982 atazunzidwa ndi anzawo, anasiyanitsa kuvutitsa ndi mikangano wamba pa zinthu zitatu: kumachitika mwadala, kumabwerezedwa, ndipo wovutitsidwayo alibe mphamvu zofanana ndi omuvutitsa. Atsikana anayi polimbana ndi mmodzi, kwa zaka pafupifupi ziwiri, kalasi yonse ikuwaombera m'manja pa WhatsApp, sangatope, chifukwa tsiku lililonse akulandira malipiro awo, omwe ndi kuseka kwa anzawo.

Pali kafukufuku wina wa ku Britain amene ndimakonda kuwauza makolo, chifukwa amachenjeza komanso amalimbitsa mtima. Ofufuza anatsatira ana amapasa 2,232 obadwa mu 1994 ndi 1995, ndipo mu 2012 anafalitsa zimene anapeza anawo atafika zaka 12: mwa ana 100 alionse amene ankavutitsidwa kawirikawiri, pafupifupi 8 anali atadzivulazapo, pomwe mwa anzawo ena anali 2 okha. Kusiyanaku n'kwakukulu, koma onaninso kuti ovutitsidwa ambiri sanadzivulaze. Amene anadzivulaza kawirikawiri anali ndi katundu wina pamwamba pa kuvutitsidwako, monga kuzunzidwa ndi munthu wamkulu, vuto lina la maganizo, kapena wachibale amene anayesapo kudzipha. Pa ana omwewo, kafukufuku wa 2010 anaonetsa kuti chikondi choonekera cha mayi, kugwirizana ndi abale ndi mtendere wa pakhomo zinkathandiza mwana wovutitsidwa kuti asagwe, ndipo ngakhale pakati pa mapasa ofanana ndendende, amene mayi ankamuonetsa chikondi chochuluka ndi amene khalidwe lake silinasokonekere kwambiri. Atsikana anayi aja simungawasinthe usiku uno, koma mbali imeneyi ya sikelo ili m'manja mwanu.

Choncho chinthu choyamba chimene ndikukupemphani n'chovuta kwa kholo la Chichewa: mupepeseni mwanayo. Ndikudziwa kuti kwathu wamkulu salakwa, ndipo ena owerenga tsamba lino andilembera kuti ndikuwononga ana. Koma mwana amene chinsinsi chake chachikulu chitaululika analandira mbama waphunzira kuti kuulula kumapweteka, ndipo phunziro limeneli lifafanizidwa ndi inu nokha amene munalipereka. Simufunika mawu ambiri. Muuzeni kuti, “Mwana wanga, ndinakumenya chifukwa ndinachita mantha, sunalakwe kundiuza. Chaka chatha unandiuza ndipo sindinamvetse. Tsopano ndamva, ndipo nkhaniyi tiisenza tonse.” Mukatero khalani chete mumve zimene anene, ngakhale zitakhala zowawa, ndipo musathamangire kumuuza mmene inu munapiririra pa nthawi yanu.

Musamulumbiritse kuti sadzadzichekanso. Lonjezo limeneli ana amalipereka pofuna kutonthoza kholo, ndipo akalephera kulisunga amasamutsira mabala pamalo obisika kwambiri n'kusiya kulankhula. Chabwino n'kupangana naye kuti mtima ukayamba kulemera azikuuzani kapena azikutumizirani mawu amodzi amene mwagwirizana, kaya ndi pakati pa usiku, ndipo inu mudzakhala naye mpaka mphepoyo idutse. Musamuvule juzi pamaso pa abale ake tsiku ndi tsiku ngati wakuba wofufuzidwa, ndipo musatchule nkhaniyi pa mapemphero a banja kapena pa msonkhano wa amayi a mpingo popanda chilolezo chake. Mwana amene wachititsidwa manyazi ndi kalasi yonse sangapirire kuchititsidwanso manyazi ndi mpingo wonse. Foni musamulande. Ana ambiri amabisa zimene zikuwachitikira pa intaneti chifukwa choopa kulandidwa foni, ndipo kumulanda kungakhale kulanga wolakwiridwa. Jambulani naye limodzi mauthenga ndi chithunzi chija kuti umboni usungike, kenako atuluke m'gululo ngati akufuna, ndipo usiku foni izigona kuchipinda kwanu mwa pangano, osati mwa chilango.

Bambo ake muwafunse funso limodzi mwaulemu: kodi munthu wofuna kuonedwa amavala juzi mu Okutobala kwa miyezi yambiri kuti abise mikono yake? Mwanayu anachita zonse zotheka kuti asaonedwe. Ndipo ngakhale zikanakhala zoona kuti akufuna kuonedwa, mwana amene wafika podzicheka kuti makolo amuone ndi woyenera kuonedwa msanga. Abambo ambiri amalankhula mokalipa chonchi chifukwa cha mantha omwewo amene anakuchititsani kumenya mbama, ndipo amafewa akapatsidwa ntchito yoti agwire. Apempheni kuti apite nanu kusukulu. Mtsikana amene waona bambo ake atasiya ntchito ya tsiku, atavala jekete, atakhala mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu chifukwa cha iye, walandira uthenga umene mawu sangaupereke.

Za apongozi anu ndikupemphani kuti musakangane nawo pa nkhani ya dzanja la munthu. Apemphere monga afunira, bola pemphero lisalowe m'malo mwa chipatala, ndipo mwanayo asatengeredwe kumalo kumene akamuimike pakati pa gulu n'kumamufuulira kuti ali ndi chiwanda, pakuti kumeneko n'kumuuza kuti choipa chili mwa iye pamene choipa chili m'kalasi. Koma ine ndikuona kuti agogo amenewa angathe kukhala mankhwala aakulu kuposa tonsefe. Kumbukirani kuti amene akunyozedwa kalankhulidwe ndi iwowo. N'kutheka kuti mdzukulu wawo wakhala akuchita nawo manyazi, n'kumadzidanso chifukwa chochita manyazi ndi munthu amene anayenda mtunda kukamupatsa chakudya, ndipo mfundo ziwirizi zomangana n'zolemera kwa mwana wa zaka 14. Alekeni azikhala awiri. Agogo amuuze za kwawo, za mfunda wake, kaya ndi Phiri, Banda kapena Mbewe, kuti adziwe kuti onena kuti tilibe mtundu amangoonetsa umbuli wawo. Amuuzenso kuti gule amene anzake amutenga ngati chotukwanira, amene kuno amamutcha zvigure, bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi. Kaya banja lanu ndi la mpingo umene sugwirizana ndi gule, imeneyo ndi nkhani ina. Mwanayo ayenerabe kudziwa kuti chinthucho chili ndi mbiri ndi ulemu wake. Kudziwa zimenezi sikuletsa pakamwa pa atsikana aja, koma mawu akuti mubwidi amabaya kwambiri mwana amene akuganiza kuti ngakhale kwawo amachita nawo manyazi.

Kusukulu musapite ndi mkwiyo wokha, pitani ndi pepala. Lembani zimene zachitika, masiku amene mwanayo akukumbukira, ndi zithunzi za mauthenga, ndipo musanapite muuzeni mwanayo zimene mukanene kuti asaone ngati mwamugulitsa. Onanani ndi mphunzitsi wa kalasi, mphunzitsi woona za uphungu ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo musachoke ndi mawu akuti tiona. Funsani kuti achita chiyani, liti, ndiponso kuti ndi mphunzitsi uti amene mwanayo angathamangireko zikachitikanso. Mukane mwaulemu ngati akufuna kumuimika pamaso pa kalasi kuti agwirane chanza ndi omuvutitsa, chifukwa kuyanjanitsa kotero n'koyenera anthu amene anayambana, pomwe apa pali olakwa ndi wolakwiridwa. Za mabala auzeni mphunzitsi mmodzi yekha amene mwanayo wamusankha. Masabata awiri kapena atatu akadutsa popanda kusintha, kadandauleni ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu. Dziwaninso kuti kuyambira 2021 malamulo a Zimbabwe amati kuzunza munthu kudzera pa foni kapena pa intaneti ndi mlandu, ndipo apolisi ali ndi nthambi ya Victim Friendly Unit yoona nkhani za ana. Ine sindithamangira kupolisi pa nkhani ya ana a zaka 14, koma sukulu ikadziwa kuti kholo likudziwa lamulo, mapazi amapepuka.

Kusamutsa sukulu kusakhale koyamba. Chithunzi cha pa WhatsApp chimakwera kombi msanga kuposa mwana, ndipo kusamuka kungamulekanitse ndi mnzake mmodzi amene mwina ali naye. Mufunseni kuti pa buleki amakhala ndi ndani. Ngati pali dzina limodzi, mnzakeyo muitaneni kunyumba, mumuphikire, mudziwane ndi makolo ake, pakuti kafukufuku amasonyeza kuti ngakhale bwenzi limodzi lokhulupirika limachepetsa kuvulala kwa mumtima kwa mwana wovutitsidwa. Sukulu ikalephera ndipo mwanayo akapempha yekha kuti achoke, musamutseni osaona ngati mwagonja.

Pomaliza, inunso mukufunika wokumverani. Nambala ya bungwe lothandiza ana la Childline, 116, ndi yaulere usana ndi usiku, ndipo angaimbe ndi mwana kapena kholo. M'makiliniki ambiri a mu Harare mulinso Friendship Bench, ntchito imene dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Mbare mu 2006, pophunzitsa agogo aakazi a m'madera kukhala pa benchi ndi munthu wovutika ndi chimene anzathu a Chishona amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira muyeso, kumumvetsera ndi kumuthandiza kusanthula mavuto ake limodzi ndi limodzi. Pa kafukufuku wa anthu akuluakulu 573 m'makiliniki 24 a mumzinda uno, amene anafalitsidwa mu 2016, patatha miyezi 6 anthu pafupifupi 14 mwa 100 alionse amene anakhala pa benchi ndi amene anali adakali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, poyerekeza ndi pafupifupi 50 mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Mwana wanu ayambe waonedwa ndi anamwino kapena dokotala, koma inu, amene kalata yanu ikuonetsa kuti mabala a ubwana wanu atukusidwanso, kafunseni za benchi limeneli tsiku lomwe mukapite naye ku kiliniki.

Azakhali

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 16 wa ku Highfield ndipo ndili mu Fomu 3 pa sukulu yogonera komweko. Mnzanga wa m'chipinda chathu ali ndi chibwibwi, ndipo anyamata a Fomu 4 amamukakamiza kuwerenga mokweza usiku kuti aziseka, amamulandanso chakudya chimene makolo ake amamubweretsera. Tsiku lina nanenso ndinaseka nawo chifukwa ndinaopa kuti anditembenukira. Mwezi watha anandionetsa zipsera pa ntchafu zake n'kundiuza kuti amadzivulaza yekha, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Masiku ano sindigona bwino chifukwa ndimamuyang'anira. Ndikaulula ndikhala wogulitsa mnzanga, ndikakhala chete ndikuopa kuti china chake chichitika. Nditani?

Mnyamata wa ku Highfield

Mwanawe,

Mnzakoyo anayang'ana anyamata onse a m'chipindamo n'kusankha iwe, ndipo anasankha bwino, chifukwa munthu wosasamala sakanataya tulo kapena kundilembera. Koma chinsinsi chimenechi sungachisunge. Pali zinsinsi zimene mnzako weniweni amasunga mpaka kalekale, monga za mtsikana amene wamukonda kapena za umphawi wa kwawo, koma chinsinsi chokhudza moyo wa munthu n'cholemera kuposa mapewa a mnyamata wa zaka 16, ndipo iwe sungakhale mlonda wake usiku uliwonse mpaka teremu ithe. Kuulula kumbali iye osadziwa ndiko kungaoneke ngati kumugulitsa. Mupeze muli awiri umuuze kuti, “Zimene unandiuza zandilemera chifukwa ndimakuwerengera. Sindiuza anyamata, koma tiyenera kuuza munthu wamkulu mmodzi. Sankha wekha kuti akhale ndani, ndipo ndipita nawe.” Angathe kusankha mphunzitsi woyang'anira malo ogona, mphunzitsi wa uphungu, anamwino a pasukulu, abusa kapena kholo lake. Akakana, muuze kuti ukanena ndithu ndipo umuuze tsiku lake, lisapitirire mawa kapena mkuja. Akwiya, mwina masiku angapo sakulankhula, koma mkwiyo umenewo udzatha. Ngati wanenapo zofuna kufa, kapena wayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika, usadikire chilolezo chake, dzutsa munthu wamkulu nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Ukapeza foni ungathenso kuimba 116 n'kufotokoza za mnzako, ndipo adzakuthandiza kuganiza za munthu woyenera kumuuza.

Za kuseka kuja, usadzizunze nazo, koma usazikwirirenso. Muuze kuti unaseka chifukwa cha mantha ndipo unalakwa. Kwa munthu amene amaganiza kuti chipinda chonse chimakondwera ndi manyazi ake, kumva kuti mmodzi ankaseka mtima ukumupweteka ndi nkhani yaikulu. Ndipo dziwa kuti amene ankaseka mwamantha si iwe wekha. Lipoti la UNESCO la 2019 linapeza kuti pa dziko lonse mwana wa sukulu mmodzi mwa atatu alionse anali atavutitsidwa ndi anzake m'mwezi umodzi wokha, ndipo m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anali pafupifupi theka, kutanthauza kuti ambiri mwa oonerera aja analawapo zomwezo ndipo akungothokoza kuti lero si iwo. Anyamata a Fomu 4 aja amadalira oonerera monga moto udalira nkhuni. Ofufuza a ku Canada amene anajambula ana akusewera pa mabwalo a sukulu anapeza kuti mwana wina akalowererapo, nthawi zoposa theka kuvutitsako kunkatha pasanathe masekondi 10, ndipo ku Finland pulogalamu ya KiVa, imene inakonzedwa pa yunivesite ya Turku, inamangidwa pa mfundo yomweyi yosintha oonerera m'malo molimbana ndi ovutitsa okha.

Sindikukutuma kukamenyana ndi anyamata akuluakulu, ndipo usayese. Zimene ungathe ndi zing'onozing'ono: osaseka, kutuluka m'chipinda akayamba masewera awo, kukhala naye pa tebulo la chakudya, kumudikira kuti amalize mawu ake osamumalizira. Pezani anyamata ena awiri kapena atatu a Fomu 3 amene mukuona kuti nawonso zimawanyansa, mugwirizane kuti mukakanena za kulanda chakudya ndi kuwerengetsa usiku mukanene monga gulu, chifukwa n'kovuta kubwezera anthu anayi kuposa mmodzi. Za zipsera anyamata amenewo usawauze; zimenezo ndi za munthu wamkulu amene mnzako wasankha.

Udzamva ena akunena kuti mwamuna salira ndiponso kuti aliyense anadutsa momwemo ali mu Fomu 1. Mawu amenewa ndi amene amachititsa anyamata kubisa mabala pa ntchafu pomwe palibe angaone. Iwenso uuze makolo ako kapena malume ako zimene wakhala ukusenza mwezi wonsewu, ndipo munthu wamkulu akangodziwa za mnzakoyo, usiku umenewo ugone, ulonda wausiya m'manja mwa ena. Undilemberenso teremu ikatha undiuze kuti anasankha ndani.

Azakhali